Katchunidwe ka modelo ya mvula ndi mtsinje m'zigwa za nkhalango kuno ku Tete

Funso ili lafunsidwa kokwanira, ndiye ndi bwino yankho lake likhale polembedwa. Amafunsa ophunzira amene akulemba ntchito yomalizira maphunziro, amafunsanso matekiniko a zamadzi: "Modelo ndaitchuna, NSE yafika 0.8, kodi tsopano ndingaikhulupirire?" Musaikhulupirire kaye. Modelo imatha kugwirizana bwino lomwe ndi manambala olakwika, ndipo m'zigwa za ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde zolakwa zambiri zimakhala zitalowa kale kompyuta isanayatsidwe, m'buku la mvula ndi pa escala ya kumtsinje. Chimene mukufuna pamapeto si maparamita oposa onse ayi, koma malire: madzi sangachepere apa, sangapitirire apa, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa.

Timvane kaye pa mawu. Modelo ndi chiwerengero cha pa kompyuta chosandutsa mvula kukhala madzi a mumtsinje, ndipo maparamita ndi manambala a mkati mwake amene mumasintha. NSE ndi nambala yoonetsa mmene madzi a modelo akufananira ndi a mtsinje; 1 ndiko kufanana ndendende. Chigwa ndi dera lonse limene mvula yake imakathera pa escala yanu, chija mapepala a ku ofesi amati bacia. Escala ndi thabwa kapena chitsulo cha manambala chozikidwa m'mphepete mwa mtsinje choonetsa msinkhu wa madzi. Caudal ndi kuchuluka kwa madzi odutsa pa sekondi imodzi, mu m³/s. Curva ndi mzere umene umasandutsa msinkhu wa pa escala kukhala caudal. Kutchuna ndi kusintha maparamita mpaka madzi a modelo afanane ndi a mtsinje, calibração ija.

1. Sankhani funso limodzi

Modelo yotchunidwira madzi osefukira imalephera pa madzi a m'chilimwe, yotchunidwira chilimwe imaphonya kusefukira. Lembani funso lanu pa pepala musanayambe: mukufuna msinkhu wa mlatho, madzi othirira madimba mu Sepitembala, kapena zotsatira za kudula mitengo? Ngati funso ndi la madzi a pamwezi, modelo ya pamwezi monga Pitman ikwanira ndipo imapirira manambala opereŵera. Malangizo otsatirawa ndi a modelo ya tsiku ndi tsiku, makamaka GR4J, chifukwa ili ndi maparamita anayi okha ndipo imapezeka mwaulere mu airGR, phukusi la pulogalamu ya R. HBV-light nayonso ndi yabwino. Modelo ya SWAT musayambe nayo ngati muli ndi escala imodzi ndi zoyezera mvula ziwiri. Maparamita ake ndi ochuluka kuposa zimene manambala anu angathe kuweruza.

Zambezi wa pa mzinda wa Tete si wa modelo zotere. Madzi ake amatsatira zimene zatsegulidwa ku Cahora Bassa, osati mvula ya dzulo.

2. Jambulani chigwa, kenako mukaone escala ndi maso

Mu QGIS, pulogalamu ya mapu, ndi mapu a msinkhu wa nthaka a SRTM a 30 m, jambulani chigwa kuchokera pa escala. Tengani nokha GPS ya malowo. Manambala a malo olembedwa m'makaundula akale akaphonya ndi makilomita awiri okha, kadontho kanu kakhoza kugwera kumunsi kwa mathiriro a mtsinje wina, chigwa n'kukula kawiri. Kukula kwa chigwa kumalowa m'chiwerengero chilichonse, chifukwa caudal imasandutsidwa mamilimita motere: mm pa tsiku = m³/s × 86.4 ÷ km². Mwachitsanzo, 10 m³/s m'chigwa cha 500 km² ndi 1.73 mm pa tsiku.

3. Mvula

Mabuku a mvula mukawapeza ku INAM (bungwe la zanyengo), ku ARA-Centro (bungwe la zamadzi) ndi ku maofesi a SDAE (oona zaulimi ndi zachuma m'maboma). Amene muli ku Angónia ndi ku Tsangano musaiwale kuti mvula sidziwa malire: choyezera cha ku Dedza kapena ku Ntcheu chikhoza kukhala pafupi ndi mutu wa mtsinje wanu kuposa cha ku Ulongué.

Musanalowetse kanthu mu modelo, fufuzani zinayi izi. Choyamba, ziro wabodza. Tsiku limene munthu sanayeze nthawi zina limalembedwa 0. Mukaona masiku khumi a ziro pakati pa Januwale pomwe zoyezera zoyandikana zalemba mvula, amenewo ndi masiku osowa, osati ng'amba. Chachiwiri, mvula younjikana: Loweruka ziro, Lamulungu ziro, Lolemba 95 mm. Igaweni potsata choyezera choyandikana. Chachitatu, tsiku. Mvula imayezedwa m'mawa, ndipo yambiri imakhala yagwa dzulo masana. Ena amailemba pa deti la dzulo, ena pa la lero. Sunthani mzere wa mvula ndi tsiku limodzi muone pamene ukugwirizana ndi kukwera kwa mtsinje. Mukaona mtsinje ukukwera mvula isanagwe, vuto ndi limeneli. Chachinayi, jambulani mvula yophatikiza chaka ndi chaka ya choyezera chimodzi moyang'anizana ndi ya zinzake. Mzere ukapindika, choyezeracho chinasunthidwa, chinabooka, kapena mtengo wa mango unakula pambali pake.

Zoyezera zambiri zili pa masiteshoni ndi m'matauni, pomwe nkhalango yatsala m'mapiri. Kusiyana kwake si kwapang'ono: mzinda wa Tete, m'munsi mwa chigwa cha Zambezi, sufika 700 mm pa chaka chapakati, pomwe kumtunda kwa Angónia imayandikira 1,000 mm kapena kupitirira. Choyezera cha m'munsi chikaimira chigwa chonse, modelo ilandira mvula yochepa. Apa ndi pothandiza mvula ya pa satelayiti. CHIRPS ilipo kuyambira 1981 pa mabwalo a pafupifupi 5 km, TAMSAT kuyambira 1983. Zimaonetsa bwino kumene mvula imachuluka ndi kuchuluka kwa pamwezi, koma pa tsiku limodzi zimachepetsa mvula yamkuntho n'kuwaza timvula pa masiku ouma. Zikonzeni mwezi ndi mwezi ndi zoyezera zapansi. Ndipo musasankhe imodzi n'kutaya inzake: sungani mizere iwiri kapena itatu ya mvula, idzagwira ntchito pa gawo 10.

4. Escala ndi curva: apa khalanipo nthawi

Malangizo ambiri amadumpha gawo ili, amangoti "tengani caudal yoyezedwa". Koma caudal ya tsiku ndi tsiku palibe anaiyeza. Chimene chinayezedwa ndi msinkhu wa madzi, wowerengedwa ndi munthu pa escala, kawirikawiri kawiri kapena katatu pa tsiku. Caudal inachokera mu curva, ndipo curva inachokera pa maulendo ochepa amene anthu analowa m'madzi ndi molinete, chida choyezera liwiro la madzi. Mukapempha manambala, pemphani zinthu zitatu: misinkhu yeniyeni ya pa escala, curva ndi zaka zimene inagwira ntchito, ndi ndandanda wa miyeso ya molinete yokhala ndi madeti. Wakupatsani caudal yokha wakupatsani theka.

Curva yambiri imalembedwa Q = a(h − h0)^b. Apa Q ndi caudal, a ndi b ndi manambala opezeka pa miyeso ya molinete, h ndi msinkhu wa pa escala, h0 ndi msinkhu umene madzi amasiyira kuyenda, ndipo b m'mitsinje yachilengedwe imakhala pakati pa 1.5 ndi 2.5. Jambulani miyeso yonse pamodzi ndi curva, chaka chilichonse mtundu wake, ndipo muyang'ane mbali ziwiri.

Kumunsi, vuto ndi mchenga. Tiyerekeze kuti b ndi 2 ndipo madzi ali 0.20 m pamwamba pa h0. Wowerenga akaphonya ndi 2 cm zokha, caudal yaphonyeka ndi 21%. Tsono dzinja likasiya mchenga wokweza pansi pa mtsinje ndi 10 cm, curva yakale iganiza kuti madzi ndi akuya 0.30 m pomwe ndi 0.20 m, n'kupereka caudal yochuluka ka 2.25. Mchenga womwewo pa madzi akuya 3 m ungosokoneza ndi 7%. N'chifukwa chake madzi a m'chilimwe pa mitsinje ya mchenga sakhulupirika pokhapokha h0 itayezedwanso chaka chilichonse mvula ikatha. Chizindikiro chake m'manambala n'chosavuta: tengani msinkhu wotsikitsitsa wa chaka chilichonse, muujambule. Ukadumpha mwadzidzidzi pambuyo pa chaka cha madzi ambiri n'kukhala pomwepo, wasintha ndi mtsinje, osati mvula. Aliyense akukumbukira mmene mtsinje wa Revúbuè unasefukirira mu Malichi 2019, ndiponso mu Januwale 2022 pa namondwe Ana pamene mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize unaduka. Madzi amphamvu chotere amakumba pena, kukwirira pena, ndi kugumula magombe. Curva ya kale isawoloke deti lotere popanda miyeso yatsopano.

Kumtunda, vuto ndi lakuti palibe amalowa m'madzi osefukira. Pezani muyeso wa molinete wapamwamba koposa, muuyerekeze ndi msinkhu wapamwamba koposa wa m'buku. Tinene kuti muyeso waukulu unali 40 m³/s madzi ali 1.5 m pamwamba pa h0, koma mtsinje unafikapo pa 4.5 m. Curva ya b = 1.7 ipereka 259 m³/s, ya b = 2.0 ipereka 360 m³/s, chonsecho onse awiri akudutsa pa muyeso womwewo wa 40. Kusiyana kwa 100 m³/s kumeneku kuli pa masiku omwe NSE imawalemekeza koposa. Ndipo madzi akatuluka m'magombe n'kulowa m'mabango ndi m'minda, curva imasintha mapindikidwe kotheratu.

Chochita ndi ichi. M'chilimwe pitani ndi nível (chida choyezera misinkhu ya malo) kapena chingwe ndi mulingo, muyeze chithunzi chopingasa cha mtsinje pa escala, kuchokera pamwamba pa gombe lino kufika pamwamba pa la tsidya, kupitirira pamene madzi anafikapo. Funsani okhala pafupi akuonetseni. Zinyalala zotsakamira m'nthambi ndi mzere wa matope pa zipilala za mlatho ndi umboni wabwino. Yezani kutsetsereka kwa zizindikirozo pa mtunda wa 200 m kapena 300 m. Kenako werengani caudal ndi chiwerengero cha Manning kawiri, ndi n (nambala ya kukhakhala kwa khwawa) yaing'ono ndi yaikulu: 0.030 ndi 0.040 m'khwawa la mchenga loyera, 0.05 mpaka 0.10 m'mabango ndi m'tchire la m'mbali. Mupeza manambala awiri pa msinkhu uliwonse. Ameneyo ndi curva yam'munsi ndi curva yam'mwamba. Pakati, pamene miyeso ya molinete ilipo yambiri, mizere iwiriyi iyandikane molingana ndi mmene miyesoyo yamwazikira; kumunsi italikirane molingana ndi mmene h0 imasunthira. Tsopano tsiku lililonse lili ndi caudal yochepetsetsa ndi yochulukitsitsa, ndipo modelo idzaweruzidwa ndi mpata umenewu, osati ndi mzere umodzi.

Palinso zing'onozing'ono zimene zimawononga ntchito mwakachetechete. Sandutsani msinkhu uliwonse kukhala caudal kaye, kenako mupeze avareji ya tsiku. Mukayamba ndi avareji ya misinkhu, caudal ya masiku a mvula ichepa chifukwa curva ndi yopindika. M'chigwa chaching'ono, mvula ya madzulo imakweza mtsinje usiku, pofika m'mawa watsika, ndipo wowerenga sanaone kanthu. Pamenepo modelo ikaonetsa madzi ochuluka kuposa buku, mwina yolondola ndi modelo. Msinkhu wofanana ndendende masiku asanu ndi awiri pakati pa Febuluwale ndi wokayikitsa, uchotseni. Mawu akuti "escala yauma" satanthauza kuti mtsinje waphwa nthawi zonse, chifukwa madzi amatha kupatukira tsidya lina la mchenga. Ndipo escala yoyandikira mathiriro a mu Zambezi imakwera Zambezi akadzaza, ngakhale kumtunda kusanagwe dontho.

Mukapita kumtsinje, khalani pansi ndi a leitor, amene amawerenga escala. Afunseni mwaulemu nthawi imene amawerenga, zimene amalemba madzi akamiza escala, ndi chaka chimene chitsulo chinakokoloka n'kuzikidwanso. Zimenezi m'kompyuta mulibe, koma bamboyo kapena mayiyo amazidziwa.

5. Werengani madzi a pachaka ndi pensulo

Chaka cha madzi kuno chimayamba pa 1 Okutobala n'kutha pa 30 Sepitembala. Pa chaka chilichonse lembani mvula, caudal mu mm, ndi gawo la mvula limene lakhala mtsinje. Mwachitsanzo mvula 1,000 mm, mtsinje 150 mm: gawo ndi 0.15, ndipo 850 mm zauluka kapena zalowa pansi. Taonani kuopsa kwake: mvula ikaphonyeka ndi 10% yokha, ndiyo 100 mm, magawo awiri mwa atatu a madzi onse a mtsinje. Chaka chimene gawoli laposa theka, kapena mvula kuchotsa mtsinje yaposa PET (madzi amene akanauluka nthaka ikanakhala yonyowa) ya chaka chonse, chili ndi cholakwa mu mvula, mu curva, kapena mu kukula kwa chigwa. Chitani chimodzimodzi pa mvula zikuluzikulu payokhapayokha. Mtsinje ukatulutsa madzi oposa mvula yolembedwa, choyezera chinaphonya mtambowo. Masiku amenewo achotseni poweruza modelo, ndipo mulembe kuti mwawachotsa. Mukawasiya, maparamita apindika pofuna kupanga madzi amene sanalowe.

6. Zimene nkhalango imachita ndi madzi

PET ndi madzi amene akanauluka nthaka ikanakhala yonyowa nthawi zonse. Ngati muli ndi kutentha kokha, iwerengeni ndi njira ya Hargreaves kapena ya Oudin. Ngati mphepo, chinyezi ndi dzuwa zilipo, Penman-Monteith ya FAO-56. Sankhani imodzi ndipo musasinthe pakati pa kutchuna ndi kuyesa. Kutentha kwa mzinda wa Tete musakugwiritse ntchito pa chigwa cha ku Tsangano; chotsani pafupifupi 0.6 °C pa 100 m iliyonse yokwera.

Mitengo ya miombo, monga mombo, tsamba ndi mtondo, imayoyola masamba kanthawi kochepa m'chilimwe, kenako imaphuka masamba ofiira aja mu Sepitembala, mvula isanagwe. Ikutunga madzi akuya ndi mizu yake nthawi imene udzu wapsa ndipo minda ili mbee. Ndiye mvula ikamayamba, nthaka ya pansi pa nkhalango imakhala ndi ludzu lalikulu kuposa mmene modelo yambiri imaganizira. Chizimalupsa ndi mvula ya Novembala zimamwedwa, mtsinje osagwedezeka. Tsanya wa kumunsi kotentha amachita mosiyana: amakhala wopanda masamba nthawi yaitali, kudikira mvula. Bulugamu ndi paini sizipuma chaka chonse. Mukagwiritsa SWAT, dziwani kuti kakulidwe ka mitengo mmenemo kanapangidwira maiko ozizira kumene mitengo imagona masiku akafupika, ndiye onani ngati masamba a mu modelo akuphuka mwezi woyenera poyerekeza ndi LAI, muyeso wa kuchuluka kwa masamba, ya pa satelayiti ya MODIS.

Masamba ndi zinyalala za pansi zimagwiranso timamilimita toyamba ta mvula iliyonse, n'kuuluka osafika m'nthaka. GR4J imachotsa PET pa mvula ya tsikulo isanachite china chilichonse. Choncho mvula ya satelayiti yowazidwa pang'onopang'ono pa masiku ambiri imadyedwa yambiri pomwepo, mtsinje wa modelo n'kuchepa.

Madambo nawo ali ndi khalidwe lawo. Amamwa madzi mwakachetechete mpaka atakhuta, kawirikawiri cha mu Januwale, kenako mvula iliyonse imangodutsa pamwamba. Mvula ya 40 mm mu Disembala ndi ya 40 mm mu Febuluwale zimabala mitsinje iwiri yosiyana. Ndipo m'chilimwe, ku Angónia ndi ku Tsangano, alimi a mbatatesi, kabichi ndi tomato amapatutsa madzi ndi ngalande ndi mapampu. Madzi amenewo escala siwaona. Yendani m'mbali mwa mtsinje, muyerekeze mahekitala othiriridwa. Hekitala imodzi yolandira 5 mm pa tsiku imamwa 50 m³ pa tsiku.

7. Gawani zaka

Chaka choyamba, kapena ziwiri ngati chigwa chili ndi madzi ambiri apansi, ndi chotenthetsera modelo: iyende koma isaweruzidwe. Yambani pa 1 Okutobala pamene nthaka ndi youma. Zaka zotsala muzigawe pawiri, gawo lililonse zaka zisanu kapena kuposa ngati zilipo. Tchunani pa loyamba, yesani pa lachiwiri, kenako mutembenuze.

Kuyesa kwenikweni ndi kumene katswiri wa zamadzi Klemeš analangiza mu 1986: tchunani pa zaka za mvula yambiri, muyese pa zaka za chilala monga 1991/92, 2015/16 ndi 2023/24, kenako mutembenuze. Modelo yambiri imagwa pamenepa, ndipo ndi bwino igwe muli nokha kusiyana n'kudzagwa dziwe litamangidwa. Masiteshoni ambiri ali ndi mpata waukulu wa zaka za nkhondo, mpaka 1992. Mpatawo musaudzaze ndi manambala opeka, ndipo zaka za mbali ziwiri za mpatawo musazitenge ngati chigwa chimodzi: anthu atabwerera kwawo, minda inatsegulidwa ndipo escala zambiri zinazikidwa mwatsopano.

8. Kutchuna

Mu GR4J, X1 ndi kukula kwa nkhokwe ya madzi m'nthaka, X2 ndi madzi olowa kapena otuluka m'chigwa kudzera pansi, X3 ndi nkhokwe yotulutsa madzi pang'onopang'ono, X4 ndi masiku amene madzi amatenga kufika pa escala. Amene anaipanga, mu 2003, anapeza zigwa zambiri zili pakati pa 100 ndi 1,200 mm pa X1, −5 ndi 3 mm pa X2, 20 ndi 300 mm pa X3, ndi masiku 1.1 ndi 2.9 pa X4. Zigwa zawo zambiri sizinali za miombo, choncho kulitsani malire a X1 mpaka 2,500 mm kapena kuposa.

Musangodina batani lofuna paramita yopambana. Pangani magulu 10,000 a maparamita mwachisawawa, makamaka ndi Latin hypercube, njira yotola manambala mofalikira bwino pakati pa malire, ndipo X1 ndi X3 muzitole pa sikelo ya log kuti manambala aang'ono asasowe. HBV, pokhala ndi maparamita ambiri, ifuna magulu 100,000 kapena kuposa. Maparamita ake a chipale chofewa musawakhudze. Yendetsani gulu lililonse, mulembe zinayi: KGE ya caudal (nambala ina yoweruzira modelo, imene 1 ndiyo yabwino koposa), NSE ya log ya caudal, kusiyana kwa madzi onse mu peresenti, ndi gawo la masiku amene modelo ili mkati mwa mpata wa macurva awiri aja. Pa log, onjezani 1% ya avareji ya caudal pa manambala onse kuti masiku a ziro asasokoneze. KGE musaiwerengere pa log, imapereka zotsatira zosokonekera.

NSE ya 0.8 ija tsopano. Mitsinje yathu imadzaza ndi kuphwa pa nyengo zodziwika, ndiye ngakhale munthu wopanda modelo, wongotenga avareji ya deti lililonse pa zaka zonse, amapeza NSE yooneka bwino. Werengani NSE ya avareji imeneyo kaye. Modelo yanu ikapanda kuiposa, palibe chimene yawonjezera. Dziwaninso kuti ziro wa KGE si ziro wa NSE: avareji wamba imapeza NSE ya 0, koma KGE ya −0.41.

Lembani malamulo olandirira gulu musanaone zotsatira. Mwachitsanzo: KGE yoposa 0.6, madzi onse osaphonya kuposa 10%, ndi masiku atatu mwa anayi alionse mkati mwa mpata. Manambalawa ndi chiweruzo chanu, si lamulo lachilengedwe, n'chifukwa chake ayenera kulembedwa poyera. Magulu onse odutsa asungeni. Njira imeneyi ndi GLUE, ya Beven ndi Binley, 1992. Ngati palibe gulu ladutsa, musafewetse malamulo mwakabisira. Bwererani ku magawo 3, 4 ndi 5, ndipo ngati kumeneko kuli bwino, modeloyo siyoyenera chigwacho. Yesani GR6J, imene ili ndi nkhokwe yowonjezera ya madzi a m'chilimwe.

9. Yang'anani ndi maso

Jambulani chaka chimodzichimodzi, kamodzi pa sikelo wamba, kamodzi pa log. Modelo ikakwera msanga mu Novembala ndi Disembala, nthaka yake siikuuma mokwanira: X1 ndi yaing'ono kapena PET ya Sepitembala ndi Okutobala ndi yochepa. Nsonga zonse zikachedwa kapena kufulumira ndi tsiku limodzi, bwererani ku deti la mvula musanakhudze X4. Modelo ikatsika pang'onopang'ono mu Ogasiti pomwe mtsinje wagwa msanga, ganizani za mapampu ndi mchenga musanaganize za X3.

X2 muiyang'anitsitse. Ndiyo imameza zolakwa zonse za mvula, PET ndi kukula kwa chigwa. Ikathawira kutali ndi ziro, musafulumire kulemba kuti madzi akudutsa pansi kupita chigwa china. M'miyala yolimba ya kumtunda kwathu zimenezo si zoyamba kuganizira. Jambulaninso paramita iliyonse moyang'anizana ndi KGE. Madontho akapanga phiri, manambala anu akuidziwa paramitayo. Akayala mosalala kuyambira kumanzere mpaka kumanja, sakuidziwa, ndipo musaimasulire. Magulu abwino akaunjikana pa malire, kulitsani malirewo muyendetsenso.

10. Pangani malire

Yendetsani magulu onse olandiridwa ndi mzere uliwonse wa mvula umene munasunga, mutatchuna mzere uliwonse pawokha. Pa tsiku lililonse sanjani zotsatira, mutenge ya 5%, ya pakati, ndi ya 95%. Kenako yesani malirewo pa zaka zimene simunatchunirepo: kodi caudal ya mtsinje ili mkati masiku angati? Malire a 5 mpaka 95 ayenera kugwira pafupifupi masiku 90 mwa 100. Akagwira 60, ndi opapatiza, ndipo mulembe choncho. Werengani padera masiku a madzi ambiri ndi a chilimwe, chifukwa masiku ouma ndi ochuluka ndipo amabisa kulephera kwa pa dzinja.

Popereka yankho, perekani manambala atatu, wam'munsi, wapakati ndi wam'mwamba, ndipo munene chimene chatalikitsa mpatawo. Ngati ndi curva, mankhwala ake ndi miyeso ya madzi ambiri dzinja likudzali. Ngakhale botolo lodzaza theka loponyedwa pa mlatho, liwiro lake kuchulukitsa ndi 0.85, limaposa kusayeza. Ngati ndi mvula, ikani zoyezera ziwiri kapena zitatu kumtunda, pa sukulu kapena kwa a nyakwawa, poyera, kutali ndi mtengo kawiri kutalika kwake.

11. Funso la kudula mitengo

Ambiri amafika pano akufuna kunena kuti nkhalango ikatha mtsinje usintha ndi maperesenti akutiakuti. Kuchepetsa X1 ndi dzanja n'kutcha zotsatirazo "kudula mitengo" si umboni, chifukwa palibe amadziwa kuti mahekitala angati amafanana ndi mamilimita angati a X1. Ndiponso zinthu ziwiri zimakokana. Mitengo ikachoka madzi ouluka amachepa, madzi a pachaka n'kuchuluka. Koma nthaka ikalimba chifukwa cha khasu, ziboda za ng'ombe ndi moto, madzi salowa pansi, amathamanga pa dzinja, chilimwe n'kusowa. Chopambana pa ziwirizi chimadalira chigwa.

Njira yoyenera ndi iyi. Pezani nthawi imene nkhalango inasintha. Global Forest Watch ili ndi mapu a 30 m kuyambira 2000, koma amawerenga mitengo yoposa 5 m ndipo saona bwino kupatulira kwa owotcha makala kapena odula milimo ya zigafa za fodya, ngakhalenso ziphukira za pa zitsa zimene zimabwerera msanga m'miombo. Onjezani zithunzi zakale za Google Earth ndi mawu a mafumu a m'deralo. Tchunani pa zaka za nkhalango isanasinthe, kenako yendetsani magulu onse pa zaka zotsatira osasintha paramita. Ngati caudal ya mtsinje ikutuluka m'malire chaka ndi chaka, mbali imodzimodzi, chilipo chasintha. Musanaloze nkhalango, tsimikizani kuti pa zaka zomwezo curva sinasinthe, zoyezera mvula ndi zomwezo, ndipo mapampu sanachuluke. Caudal ikakhalabe mkati mwa malire, lembani kuti kusinthako, ngati kulipo, n'kochepa kuposa zimene manambalawa angaonetse, ndipo mutchule kukula kwa mpatawo mu mm pa chaka, dzinja padera, chilimwe padera.